Saladi ya ma prawns isamayembekeze mkwatibwi pa thebulo

Pa ma kitchen party a masiku ano, pambali pa mpunga, nkhuku ndi cikanda, payamba kupezeka mbale ina: makaroni ozizila osakaniza ndi mayonezi na ma prawns. Ife a pa wailesi timaitanidwa kambili kukakhala ma MC, ndiye timaona nthawi imene mbaleyi ifika pa thebulo ndi nthawi imene anthu ayamba kudya. Ifika 12 koloko. Mkwatibwi alowa 15 koloko, alangizi avina, mphatso zionetsedwa imodzi-imodzi, ndipo pofika nthawi ya cakudya dzuwa lapendeka kale.

Saladiyi sitiida ayi. Ndi yokoma, ndipo kupanga kwake n'kosavuta. Makaroni muwilitse m'madzi amcele, muwatsuke ndi madzi ozizila kuti asamatane. Ma prawns safuna kukhalitsa pamoto: mphindi 2 kapena 3, akangofiila ndi kupindika, acotseni, apo ayi adzalimba ngati mphila. Mayonezi muthilemo madzi a mandimu ndi mabisi pang'ono kuti asalemele pakamwa, ndiyeno anyezi, nkhaka ndi green pepper zodula ting'onoting'ono. Zonse ziloŵe mu filiji, zizizile bwino.

Nkhani yagona pa filijiyo. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaculukana msanga cakudya cikakhala pakati pa madigili 5 ndi 60. Akatswili a zaumoyo amati cakudya cotele cisapitilile maola 2 kunja kwa filiji, ndipo kukatentha kupitilila madigili 32, ola limodzi cabe. Tsopano ganizilani tenti ya ku Chipata mu October, osanena za ku Mfuwe. Anthu akadwala amanamizila mayonezi, koma mayonezi a m'botolo ali ndi viniga amene amawateteza. Zimene zimaonongeka ndi ma prawns ndi makaroni ophikawo, ndipo nthawi zina sizinunkha n'komwe.

Tisaiwalenso kuti dziko lathu lilibe nyanja yamcele. Prawn iliyonse imene tidya yayenda ulendo wautali ili youma ndi madzi oundana, kucoka ku maiko ngati Mozambique, ndipo malaiti akazima maola ambili imasungunuka n'kuumanso popanda wotiuza. Mukaona paketi yodzala ndi cipale ca aisi mkati, kapena ma prawns ataumbika pamodzi ngati mwala, isiyeni, olo mtengo ukhale wotsika. Amene muli kufupi ndi Kafue kapena Kariba, yesani crayfish ija imene asodzi adandaula kuti imadya nsomba m'maukonde. Kakomedwe kake sikasiyana kwenikweni, ndipo ulendo wake ndi waufupi.

Tidziwa zimene amai a m'komiti adzayankha: thebulo iyenela kuoneka yodzala alendo akamalowa, ndipo acibale a mwamuna amawelenga mbale. N'zoona, amawelengadi. Koma mawa lake amawelenganso amene anagona ku cimbudzi, ndipo dzina limene limamveka m'komboni ndi la amene anaphika. Ikani saladi mu cooler box ya aisi, muziitulutsa m'mbale zing'onozing'ono mzele wa cakudya ukayamba. Kumene kulibe aisi, phikani makaroni otentha a tomato. Sabata yatha tinapempha amai ena kuti abweze mbale yao mu cooler box. Anatiyang'ana moipa, koma anainyamula.