Kulanda misasa, kutaya anthu

Mlimi aliyense amadziwa kuti kutchetcha si kupalira. Ukadula udzu pamwamba n'kusiya mizu, mvula ikangogwa munda umabwerera mwakale. Akuluakulu a nkhondo ambiri, ngakhale ophunzira kwambiri, akhala akulephera kumvetsa mfundo imeneyi polimbana ndi magulu omenya nkhondo mobisalira. M'kope lino tiyeni tione chitsanzo cha m'chigawo chathu chino.

M'chaka cha 1970 boma la Portugal lidasankha Kaúlza de Arriaga kukhala mkulu wa asilikali ake onse ku Mozambique. Mkuluyu ankakhulupirira kuti gulu la Frelimo lingagonjetsedwe pa nkhondo imodzi yaikulu. Pa 1 Julaye chaka chomwecho adayambitsa nkhondo yomwe adaitcha Nó Górdio. Asilikali zikwizikwi, ndege zoponya mabomba ndi akatapila olambula misewu adalowa m'dera la Mueda ku Cabo Delgado. Misasa ikuluikulu ya Frelimo adailandadi, koma yambiri adaipeza ili yopanda anthu, eni ake atamwazikira m'tchire.

Kaúlza adalengeza kuti wapambana. Koma Frelimo, motsogoleredwa ndi Samora Machel, idasamutsira mphamvu zake ku Tete, komwe Apwitikizi ankamanga damu la Cahora Bassa. Asilikali ambiri adasanduka alonda a damulo ndi misewu yake, ndipo pofika 1972 nkhondo idali itawoloka Zambezi n'kufika ku Manica ndi Sofala.

Cholakwa chachikulu koposa chidali pa alimi. Poona kuti anthu akumudzi ndiwo ankadyetsa omenyera ufulu, boma lidasamutsa anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kuwaunjika m'midzi yolonderedwa yotchedwa aldeamentos. Mabanja adasiya minda yomwe ankaidziwa, mitengo yawo ya zipatso ndi manda a makolo awo. M'midzi yambiri yatsopanoyi minda idali yochepa, madzi osakwanira, ndipo njala ndi matenda zidafala. Ena adathawira ku Malawi ndi ku Zambia. Munthu womuchotsa pamunda wake pomuloza ndi mfuti sangakhale bwenzi lako, ngakhale utamumangira sukulu ndi chipatala.

Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Portugal adapha anthu wamba pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete. Ansembe achikatolika adasonkhanitsa umboni, ndipo Bambo Adrian Hastings adaulula nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ya ku London mu Julaye 1973. Chaka chomwecho Kaúlza adachotsedwa paudindo. Pa 25 Epulo 1974 asilikali otopa ndi nkhondo adagwetsa boma ku Lisbon, ndipo Mozambique idalandira ufulu pa 25 Juni 1975.

Kodi mkuluyu adalakwitsa pati? Ankawerenga misasa yolandidwa ndi mfuti zogwidwa, osafunsa chomwe chidachititsa alimi kubisa omenyera ufulu. Yankho lidali m'zaka zambiri za chibalo, kukakamizidwa kulima thonje pamtengo wozizira ndi kusowa mawu pa nkhani za dziko lawo. Mabomba sakadachiza mabala amenewa. Akulu adati safunsa adadya phula.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Cabo Delgado yemweyo adalowanso m'nkhondo mu Okutobala 2017, pamene zigawenga zidaukira tauni ya Mocímboa da Praia. Asilikali aganyu a Wagner ochokera ku Russia adabwera mu 2019 n'kubwerera atalephera. Zigawenga zitaukira Palma mu 2021, asilikali a Rwanda ndi a SADC adathandiza kulandanso matauni, koma a SADC pochoka mu 2024 ziwembu zidali zisanathe. Zigawengazi n'zankhanza ndipo anthu ayenera kutetezedwa, koma zimakopa mosavuta achinyamata omwe amaona gasi ndi miyala yamtengo wapatali zikutuluka kwawo iwo ali pa ulova.

Inu alangizi ndi atsogoleri a m'midzi, phunziroli likutikhudza. N'kosavuta kuwerenga zijigo zokumbidwa ndi misonkhano yochitidwa n'kulemba lipoti lakuti ntchito yayenda. Koma ngati eni mudzi sadafunsidwe, ndipo dandaulo lawo la malo kapena madzi silidamveke, tangotchetcha pamwamba. Mizu idakalipo, ikungodikira mvula.