Msana wa Wanchito Ufunika Akatswiri Ake

Pa odwala amene amafola pa zipatala ndi makiliniki m'mawa uliwonse, ambiri ndithu amadandaula za msana, khosi, mapewa ndi maondo. Ena ndi anyamata okweza matumba a simenti ndi feteleza, ena ndi amai ophwanya miyala kapena osenza madengu kupita ku msika wa Kapata, ena ndi atelala, oyendetsa malole ndi onyamula anthu pa njinga. Amalandira Panado kapena Brufen nabwerera ku nchito imodzimodziyo. Pakapita mwezi umodzi ali pamzere kaciwiri. Mankhwala aziziritsa ululu, koma cimene cipweteka munthuyo catsala kunchito. Ndiponso Brufen akamwedwa nthawi yaitali amaononga m'mimba ndi impso.

Bungwe la zaumoyo la WHO linalengeza kuti m'caka ca 2020 anthu 619 miliyoni pa dziko lonse anali kuvutika ndi msana. Vuto lalikulu cotere silingathe ndi mapilisi okha. Zambia ifunika ana ake ophunzira mozama za nchito ndi thupi la munthu.

Maphunziro ace alipo awiri, ndipo ayendera limodzi. Biomechanics ndi phunziro la mphamvu zimene zigwera pa mafupa, minofu ndi mfundo za thupi pamene munthu ayenda, awerama kapena anyamula katundu. Ergonomics ndi luso lokonza nchito, zida ndi malo ogwirirapo kuti ziyenerane ndi thupi. Nzeru imeneyi si yacilendo ai. Kale m'caka ca 1700 dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba buku la matenda a anchito, nalangiza madokotala kuti azifunsa wodwala aliyense nchito imene agwira.

Akatswiri a bungwe la NIOSH ku America anawerengera m'caka ca 1991 kuti katundu woyenera kunyamulidwa ndi manja asapitirire makilogalamu 23, ndipo apo ndi pamene zonse ziri bwino: katundu ali pafupi ndi thupi, ali pa msinkhu wabwino, munthu sapotoza ciuno. Thumba la simenti kapena la cimanga ndi makilogalamu 50. Cigubu ca madzi ca malita 20, cimene ana a m'makomboni asenza tsiku ndi tsiku, ndi makilogalamu 20. Munthu akawerama natola katundu kutali ndi thupi, minofu ya msana ikoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa katunduyo kangapo, ndipo mphamvuyo ifinya tinyama tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana.

Katswiri wa maphunziro amenewa sadikira wodwala ku cipatala. Amapita ku mgodi, ku fakitale, ku cigayo kapena mu ofesi, napima kulemera kwa katundu, kutalika kwa tebulo ndi mpando, ndi nthawi imene munthu akhala cowerama. Kenaka amasintha nchitoyo: matumba akhale pa nsanja m'malo mwa pansi, anyamule anthu awiri, pakhale wilibala, mpando wa telala ukwezedwe. Ena mwa akatswiriwa amapanga miyendo yoikirira ndi njinga za olemala, ena amathandiza ocita masewera.

Njira yolowera iripo. Mmera m'poyamba: mwana wa ku sekondale alimbikire masamu, sayansi ndi bayoloje. Pambuyo pace angathe kutenga dipuloma ya physiotherapy pa Evelyn Hone College ku Lusaka, kapena digiri ya physiotherapy, ya uinjiniya kapena ya umoyo wa anthu pa yunivesite. Ali ndi digiri yoyamba, angathe kufunsira yaciwiri kunja. Rhodes University ku Makhanda m'dziko la South Africa iri ndi cigawo ca Human Kinetics and Ergonomics, ndipo Loughborough University ku Britain ndi yodziwika kwambiri pa maphunziro omwewa.

Makolo ena adzafunsa kuti: nanga nchito yace iri kuti? Funsoli ndi lomveka. Malo olembedwa dzina la ergonomics ndi ocepa m'dziko lino, ndipo maphunziro a kunja ndi okwera mtengo. N'cifukwa cace mwana ayenera kuyamba ndi digiri yomupatsa nchito, ukatswiri ubwere pamwamba. Koma ofuna anthu otere alipo: migodi ya ku Copperbelt ndi North-Western, makampani omanga, Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe, ndi Workers' Compensation Fund Control Board ku Ndola. M'caka ca 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la umoyo ndi citetezo ca anchito, koma lamulo lopanda anthu odziwa kupima likhala la papepala cabe.

Boma ndi makampani akuluakulu acite manyazi ndi mizere ya pa kiliniki, naike padera ndalama zotumizira acinyamata ku maphunziro amenewa caka ndi caka. Cipukutamisozi cimene wanchito alandira atapunduka sicibweza msana wace, pakuti pepani sapoletsa cilonda. Bambo wa zaka 35 akaleka kunyamula matumba cifukwa ca msana, lendi, unga ndi sukulu ya ana zonse ziima pamodzi naye.