Musazimitse foni usiku chifukwa cha dzuwa

Uthenga uja wabweranso. Ukuyenda pa WhatsApp kuchokera ku Namitete mpaka ku Nsaru ndi ku Kabudula, ndipo nkhani yake ndi yomwe ija ya zaka zapitazi: akuti usiku wa lero, kuyambira 12:30 mpaka 3:30, cheza choopsa chochokera kuthambo chidutsa pafupi ndi dziko, choncho aliyense azimitse foni n'kuiika kutali ndi thupi. Pofuna kuti anthu achite nthumanzi, amatchulamo NASA ndi BBC. Limeneli ndi bodza. Taonani, tsiku salemba, ndiye "usiku wa lero" umangofika chaka ndi chaka.

Bodzali likuvuta kufa chifukwa linatsamira pa chinthu choona. Dzuwa limalavuladi zinthu. Kunja kwake kuli mpweya wopyapyala wotchedwa korona, umene anthu a ku Lusaka anauona ndi maso pa kadamsana wa pa 21 June 2001, utayera mozungulira mwezi wakuda bii. Pamwamba pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, koma koronayo imapitirira 1 miliyoni. Kutentha kotereku kumathamangitsa tizidutswa ta magetsi, timene timafalikira mlengalenga pa liwiro la makilomita 300 mpaka 800 pa sekondi. Imeneyi ndiyo mphepo ya dzuwa. Eugene Parker anaifotokoza mu 1958 anzake akumukayikira, ndipo chombo chotchedwa dzina lake chinakalowa mu korona mu 2021. Mphepoyi simadikira 12:30. Ikuwomba panopa, inkawomba agogo athu asanabadwe, ndipo mphamvu ya maginito ya dziko pamodzi ndi mpweya wotikuta zimatitchinjiriza.

Nthawi zina korona imaphulika ngati phala lowira mumphika, n'kuponya mtambo wa tizidutswa tija wolemera matani mabiliyoni nthawi imodzi. Mtambowo umayenda makilomita 150 miliyoni, ndipo umatifika pakatha tsiku limodzi, atatu, mwinanso kuposerapo. Akatswiri amene amauyang'anira usana ndi usiku, monga a SANSA ku Hermanus ku South Africa, amaphonya nthawi yake yofikira ndi maola angapo. Nanga wolemba uthenga uja mphindi zake anazitenga kuti? Ndipo 12:30 yakeyo ndi ya ku Mpingu kapena ya ku London?

Mkuntho wotere ukafika umagunda zinthu zazitali ndi zam'mwamba. Pa 13 March 1989 magetsi anazima kwa maola 9 ku Quebec ku Canada. Mu October 2003 mkuntho wina unawononga mathiransifoma a Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa. Wa pa 10 May 2024, waukulu kuposa yonse ya m'zaka 20 zam'mbuyo mwake, unasokoneza mathirakitala oyendera GPS ku America, ndipo ku South Africa thambo linafiira usiku. Chimene chimachitika n'chakuti mawaya otalika makilomita mazanamazana amatola magetsi osayembekezeka. Foni ya m'thumba ilibe waya wotere, ngakhalenso sola ya padenga ndi batire yake. Oyenera kutchera khutu ndi mainjiniya a ESCOM ndi oyendetsa ndege, osati mayi wogulitsa tomato pamsika wa Nsaru. Usiku wa mu May uja anthu mabiliyoni anagona foni zili pamutu pa bedi, ndipo kunacha ali bwinobwino.

Chotidetsa nkhawa ife n'china. Kumudzi foni ya usiku si yocheza ayi. Ndi imene amaitanira wakabaza mayi akayamba kumva kupweteka kwa pobereka, kuti akafike ku St Gabriel's ku Namitete kapena kuchipatala cha Kabudula nthawi ikadalipo. Ndi imene amadzutsira anzawo akuba akalowa m'khola la ng'ombe, ndi imenenso m'bale wa kutauni amatumizirapo ndalama ya thiransipoti pa Mpamba kapena Airtel Money. Mudzi wonse ukazimitsa mafoni kwa maola atatu pomvera munthu wosadziwika, wakabaza uja adzapezeka bwanji? Uthengawu ukakufikani, musautumize kwa wina, ndipo amene wakutumiziraniyo mumufunse tsiku lake.