Mlimi asakhale mlendo m'munda mwake

Alimi ambiri a ku Angónia ndi Tsangano akangomaliza kupalira, amausiya munda mpaka nthawi yobandira. Chizolowezi chimenechi chiyenera kutha. Chiyambire 2017, pamene ntchemberezandonda zachilendo zinalowa m'dziko la Mozambique, chimanga chimatha kuonongeka m'masiku ochepa, makamaka mvula ikadukiza.

Mbozizi zimabisala kunsonga kwa chimanga. Zizindikiro zake ndi masamba obooka ndi ndowe zonga utuchi. Mlimi woyendera munda kawiri pasabata, m'mamawa, angathe kuphwanya mazira ndi zala, kutola mbozi zikadali zazing'ono, ndi kudziwitsa mlangizi msanga. Koma wodikira kuti chionongeko chionekere kunjira adzapeza mbozi zitakula, ndipo mankhwala odulawo sadzathandiza kwenikweni. Madzi akatayika saoleka.