ZA MALUWA A ROZI KUNO KUFUPI NDI NYANJA

Abale a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, tamverani mau awa musanataye ndalama zanu. Ambiri akakwera ku Dedza kapena ku Bembeke aona maluwa a rozi akuru ndi onunkhira, nagula mbande zace, wogulitsa ali kuwauza kuti mtengowo suopa cisanu. Tsono ife tifunsa, kodi cisanu ciri kuno? Boma la Dedza liri pamtunda, mamita oposa 1,500, ndipo m'mwezi wa June ndi wa July kuzizira ndithu. Koma ife tikhala kunsi kwa mapiri, kumene adani a rozi ndiwo dzuwa la October, ciswe ndi kusowa kwa madzi. Cifukwa cace kulimba pa cisanu sikutipindulira kanthu.

Rozi uja wa duwa lalikuru Azungu amucha Hybrid Tea. Amene awerengedwa woyamba wa mtunduwo, dzina lace La France, anaoneka ku France m'caka ca 1867. Anaupeza mtunduwo pokwatitsa rozi wa Tea, wocokera ku China, woopa kuzizira, ndi marozi ena olimba olimidwa ku Ulaya. Mudzamzindikira cotere: duwa limodzi lokha pa nsonga ya phesi lalitali, losongoka lisanamasule, ndi tsamba lokhala ndi timasamba 5 kawirikawiri. Musagule mbande imene simunaone duwa lace, kapena la mtengo umene inacokerako. Akuru anati, Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dziwaninso kuti mbande zambiri nzomezanitsa: pamwamba rozi wabwino, pansi mizu ya rozi wina wamphamvu. Pamene anazilumikiza pali mfundo, pafupi ndi nthaka. Mphukira yoturuka pansi pa mfundoyo siyanu ai. Icotseni msanga pa tsinde pomwe, pakuti mukaileka idzalanda cakudya conse, ndipo mudzatsala ndi citsamba ca minga.

Wofuna maluwa a pa guwa la m'calici kapena a pa ukwati asadzale ambiri. Awiri kapena atatu akwanira. Adzale pamene dzuwa lifika m'mamawa ndi mthunzi masana. Akumbe dzenje lalikuru, athiremo manyowa owola bwino, aphimbire nthaka ndi udzu, koma udzuwo usakhudze tsinde, ndipo aziyang'anamo ciswe sabata ndi sabata. Adulire nthambi mu July, athirire madzulo pa mizu, osati pa masamba.

Koma iye amene atunga madzi kutali, ife timlangiza kuti aleke rozi, ayambe wathirira mpiru ndi tomato za ana ace. Duwa likondweretsa maso masiku owerengeka, koma ndiwo zifunika pa mphika tsiku ndi tsiku.