Taombera m'manja alakatuli a m'makomboni, tsopano tiwayankhe

Chaka chikamatha, anthu a ku Thyolo amawerengera mvula ndi makilogalamu a tiyi. Ife lero tiwerengereko zina zomwe sizikwera pasikelo ya kapitawo: ndakatulo zimene anyamata ndi atsikana a m'makomboni a m'maesiteti akhala akujambula pafoni n'kumatumizirana pa WhatsApp, kapena kulakatula pamsonkhano wa achinyamata kutchalitchi ndi patsiku lotsekera sukulu. Ambiri mwa iwo alibe buku, sanapondepo mu situdiyo, ndipo mbiri yawo sinadutse Luchenza kapena Bvumbwe. Komabe akutulutsa zomwe makolo awo ankapita nazo kumanda.

Dera lino silinayambe lasowapo cholira. Tiyi anafika ku Thyolo mu 1908, Satemwa n'kutsegulidwa mu 1923, ndipo manja ambiri omwe anagwetsa mitengo ndi kuthyola masamba anali a Alhomwe ochokera ku Mozambique, amene ankalipira malo okhala ndi thukuta la thangata. Madandaulo awo ankawabisa m'nyimbo zantchito ndi zapamtondo, momwe munthu amati "ife" kuti mawu akafika kwa bwana asapezeke mwiniwake. Ulamuliro wa chipani chimodzi unaonjezera mantha amenewo: mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. N'chifukwa chake ndakatulo zambiri za Chichewa zomwe tinakula nazo, za pa MBC ndi za m'mabuku a sukulu, zinali zolangiza ndi zotamanda. Benedicto Okomaatani Malunga anationetsa kuti Chichewa chingathe kunyamula chikondi mwaluso, Robert Chiwamba n'kuikweza ndakatulo m'minibasi, anthu n'kumaseka mavuto awo omwe.

Chatsopano mwa ana a m'mizere ya tiyiwa n'chakuti ayamba kunena kuti "ine". Mumva mnyamata amene anakhoza MSCE akufotokoza mmene mtima umamuwawira akamadutsa pa Ndata, pomwe sukulu yaukachenjede ya MUST inatsegulidwa mu 2014, iye ali panjinga yamoto ya eni ake kusaka pasinjala. Mumva mtsikana akulemba za mayi ake omwe amadzuka kukadali mdima, dengu kumsana, chipepala chapulasitiki m'chiuno, kukalowa m'tiyi wonyowa ndi chiperoni, koma chilimwe chikafika kontirakiti n'kutha. Ena akulira bambo omwe anapita ku Joni n'kusiya kuyankha foni. Ena akuulula ngongole ya katapila ndi kubetcha mpira. Ena sanagonebe tulo tabwino mvula ikamagwa usiku kuyambira pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ngakhale nthochi zomwe matenda a chisaka anapulula zikumveka m'mizere yawo, chifukwa ndi zomwe zinkalipira fizi.

Akuluakulu ena akuti uku n'kudandaula chabe, bongololo sadzolera mafuta pagulu. Ife tikuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Malipoti a apolisi akhala akuonetsa kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, amuna omwewo amene tinawalera ndi mawu akuti mwamuna salira. Ndiye mnyamata akapeza polirira, ngakhale pakhale pafoni yosweka galasi, sitingamutseke pakamwa m'dzina la mwambo.

Izi sizikutanthauza kuti chilichonse chomwe tamva n'chokoma. Kunena zoona, ambiri akungobwereka mawu ndi kapumidwe ka alakatuli a pawailesi, n'kuika kanyimbo kachisoni kumbuyo kuti kabise kupanda mchere kwa mizere. Ena akukakamiza mawu kuti athere mofanana mpaka tanthauzo kuthawa. Misozi payokha si luso. Ndakatulo zomwe zatigwira mtima ndi zija zotchula chinthu ndi dzina lake: nsapato imodzi yobwerekana pachibale, kope la ngongole la paokala, mzere wa patsiku lamalipiro. Ndipo n'zodabwitsa kuti adzukulu a Alhomwe sakuyesako kulakatula m'chinenero cha agogo awo, chomwe chikusowa ochiyankhula pakati pa achinyamata.

Koma cholakwa chachikulu n'chathu omverafe. Mwana akalakatula zoti watopa ndi moyo, timamutumizira kachithunzi ka moto, kumuuza kuti wang'amba, n'kupatsira gulu lina. Kunyumba kwake sitipitako.

Chaka chikubwerachi tisinthe pamenepo. Aphunzitsi a m'masekondale oyendera ndiwo amayamba kuona zolembazi kumapeto kwa makope. Asangochonga kalembedwe, amuitane mwanayo akhale naye pansi. Atsogoleri a achinyamata m'mipingo ndi m'mizikiti adziwe kuti pemphero likatha pali chipatala cha boma pa Thyolo ndi cha Malamulo ku Makwasa, komwe munthu wosweka mumtima angayambire kupeza thandizo zisanafike poti n'kupita kuchipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba. Mabungwe a Poetry Association of Malawi ndi Malawi Writers Union atsike kuno. Kuchoka ku Limbe kufika pa boma la Thyolo si ulendo wogonera. Eni maesiteti, omwe ali kale ndi mabwalo a mpira, angathe kubwereketsa chipinda Loweruka limodzi pamwezi, bola asafunse kuti aone kaye zomwe zikalakatulidwe. Akatero tabwerera kunyimbo zobisa mwiniwake zija.

Nanunso alakatuli achinyamata, gulani kope. Foni imabedwa, memori khadi imapsa, gulu la pa WhatsApp limatha pa mkangano umodzi. Lembani, ikani dzina ndi tsiku, werengani omwe anakutsogolerani, ndipo ntchito ikakhwima kailembetseni ku COSOMA wina asadyerepo. Lolaninso kuti mnzanu akuuzeni kuti mzere uwu sunapse popanda kudana naye.

Ndipo inu owerenga, mukamva ndakatulo momwe mwana wa pakomboni panu akutsazika anthu ngati ali paulendo wosabwerera, musadikire kuti kuche. Kamugogodereni tsiku lomwelo.