MAGANIZO ATHU: Mwana Akapempha Ndalama za Kompyuta ya Masewera, Yambani Mwafunsa

Nyengo ya kugulitsa zokolola ikafika, ndipo ndalama za cimanga, nshawa, thonje ndi fodya zikalowa m'nyumba, mapempho a ana naonso amaculuka. Kale mnyamata anali kupempha njinga, wailesi kapena nsapato za mpira. Masiku ano alipo anyamata ndi atsikana, makamaka amene apita m'masukulu a sekondale a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, amene pempho lao ndi lacilendo m'makutu a makolo. Iwo afuna ndalama zogulira ziwalo za kompyuta ya masewera, kuti aimange okha pogula ciwalo cimodzicimodzi, monga momwe munthu amangira ngolo atagula mateyala, zitsulo ndi matabwa padera.

Ife sititsutsa cilakolako cotere ai. Mu 2015 ana a giredi 9 analemba mayeso a phunziro la kompyuta kwa nthawi yoyamba m'dziko muno, ndipo kuyambira pamenepo makina amenewa saonedwanso ngati cinthu ca m'maofesi a ku Lusaka okha. Mwana amene adziwa kutsegula kompyuta, kuchula ciwalo ciliconse ndi kucibwezera pamalo pake, wagwira luso lofanana ndi la mmisiri wa matabwa kapena wokonza cigayo. Makompyuta a pasukulu, a pacipatala ndi a m'makopaletivu amafa, ndipo afunika anthu a pafupi owakonza. Koma ndalama za mlimi zimabwera kamodzi pacaka, ndipo zikapita pa ciwalo colakwika sizibweranso kufikira dzinja lina litapita. Ndico cifukwa cake tiona kuti ndi udindo wathu kufotokoza nkhaniyi poyera, kuti kholo ndi mwana akambirane onse ali odziwa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Coyamba, tidziwe ziwalo zake. Purosesa ndiye ubongo wa kompyuta, ndipo makampani awiri amene adziwika popanga mapurosesa a makompyuta otere ndi Intel ndi AMD. Motherboard ndi thabwa lalikulu limene ziwalo zina zonse zilumikizidwapo. SSD ili ngati nkhokwe, mosungira zinthu zonse ngakhale makina atazimitsidwa, pamene RAM ili ngati mphasa yoyanikapo cimanga cimene mwatapa m'nkhokwemo kuti mugwiritse nchito tsiku lomwelo. Mphasa ikacepa, nchito icedwa ngakhale nkhokwe itadzaza. Pa masewera a masiku ano RAM ya 16 GB ndi yokwanira kwa anthu ambiri. Graphics card ndiyo imene ijambula zithunzi zoyenda zimene wosewera aona pagalasi, ndipo kawirikawiri ndiyo yokwera mtengo kuposa ziwalo zina zonse. Kenaka pali power supply, imene ilandira magetsi a pakhoma ndi kugawira ziwalo zonse mwa muyeso wake, ndiponso bokosi ndi timafani toziziritsa m'kati.

Caciwiri, ziwalozi ziyenera kulingana mphamvu. Mlimi aliyense adziwa kuti ukamanga ng'ombe yaikulu pa goli limodzi ndi kamwana ka ng'ombe, pulao siiyenda pa liwiro la yaikuluyo, koma pa liwiro la kakang'onoko, ndipo mzere upotoka. Ndi mmenenso zilili ndi purosesa ndi graphics card. Wacinyamata amene athera ndalama zonse pa khadi lamphamvu, nagula purosesa yofooka ndi power supply yosadziwika dzina, walipira mphamvu imene sadzaiona. Ndi bwino kugula ziwalo zapakati zolingana kusiyana ndi kugula cimodzi capamwamba ndi zina zotolatola.

Cacitatu, si ciwalo ciliconse cimene cilowa pa cinzake. Apa ndi pamene ambiri ataya ndalama. Purosesa ya Intel siikhala pa motherboard ya AMD, ndipo ngakhale m'kampani imodzi muli mibadwo yosiyana. AMD inatulutsa malo oikapo purosesa ochedwa AM4 mu 2016, ndipo mu 2022 inatulutsa ena ochedwa AM5. Purosesa ya AM4 siilowa pa AM5. Cimodzimodzinso RAM: ya mtundu wa DDR4 siilowa m'malo a DDR5, pakuti kamng'alu kake kali pamalo osiyana, ndipo woikakamiza athyola thabwa. Ma motherboard a AM5 alandira DDR5 yokha, pamene a Intel a mtundu wa LGA1700, amene anayamba mu 2021, alipo ena a DDR4 ndi ena a DDR5. Motero mwana asanakwere basi ya ku Lusaka, alembe papepala dzina lonse la ciwalo ciliconse, ndipo aonetse mphunzitsi wa kompyuta kapena mmisiri wodalirika kuti atsimikize kuti zonse zigwirizana. Kholo limene siliwerenga Cingerezi lingathe kufunsa funso limodzi lokha: kodi ndani wina wodziwa amene waona pepalali?

Cacinai ndi mtengo, ndipo tiufotokoze m'cinenero cimene mlimi amva. Mu 2022 kampani ya Nvidia inatulutsa khadi lochedwa RTX 4090 pa mtengo wa madola 1,599 a ku America, osawerengera msonkho ndi mayendedwe ofikitsira kuno. Kumapeto kwa 2024 dola imodzi inali yoposa K25, ndipo m'caka comweco bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la cimanga la makilogramu 50 pa K330. Aliyense angawerengere yekha: ciwalo cimodzi cokhaco cinali kulingana ndi matumba a cimanga oposa 120. Acinyamata amaona makina otere pa YouTube ndi pa Facebook, nayesa kuti popanda iwo munthu sangasewere. Si zoona. Ilipo purosesa monga Ryzen 5 5600G, ya mu 2021, imene ili ndi mbali yojambula zithunzi m'kati mwake momwe, kotero kuti kompyuta iyaka ndi kuyendetsa masewera opepuka popanda graphics card ya padera. Woyamba ndi makina otere angathe kulemberapo nchito za kusukulu, kuphunzirirapo, ndipo akapeza ndalama zake mtsogolo angaonjezere khadi. Ubwino wa kompyuta yomanga wekha ndi womwewo, kuti ikula pang'onopang'ono monga khola la mbuzi.

Cacisanu, ndipo kwa ife a kumidzi ndico cacikulu kuposa zonse, ndi magetsi. Walira mvula walira matope. Khadi la RTX 4090 tachula lija palokha lidya mawati ofika 450. Ngakhale kompyuta yapakati ya masewera, pamodzi ndi galasi lake, ingathe kudya mawati 300 kapena 400 pamene masewera ali m'kati. Mawati 400 ndi mphamvu yoyatsira mababu 40 a mawati 10 nthawi imodzi. Batire lalikulu la sola la mavoti 12 ndi 100 Ah lisunga mphamvu yokwanira mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma ngati ndi la mtundu wa asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, cifukwa likatero lifa msanga. Ndiye kuti kompyuta yotere imaliza gawo lololedwalo pa ola limodzi ndi theka, ndipo banja lonse ligona mumdima, mafoni ali osachaja. Amene ali pa waya wa magetsi naonso asaiwale caka ca 2024. Pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, madzi a mu Kariba anatsika kwambiri, ndipo pofika mu September madera ambiri anali kukhala opanda magetsi kwa maola ofika 21 pa tsiku. Popeza gawo lalikulu la magetsi athu licokera ku madzi a Zambezi ndi Kafue, munthu wanzeru asankha makina odya pang'ono. Purosesa ya 5600G ija inapangidwira mawati 65 okha. Kwa banja lodalira sola, laputopu, imene ili ndi batire lakelake, nthawi zambiri ndiyo yoyenera kuposa kompyuta ya pathebulo.

Pa cifukwa comweci, power supply si ciwalo coti munthu apulumutsirepo ndalama. Ikakhala yacabecabe, tsiku limene magetsi abwera ndi mphamvu yopitirira, ingathe kupsa pamodzi ndi motherboard ndi khadi, ndipo cuma conse cithera mu utsi. Gulani ya kampani yodziwika, yokhala ndi cizindikiro ca 80 Plus, ndiponso ya mawati oposerako amene makina afuna. Onjezerani kacipangizo kochinjiriza ku magetsi odumpha, ndipo m'nyengo ya dzinja, mphezi zikayamba, zulani waya pakhoma. Fumbi ndi kutentha ndi adani enanso. Amene akhala m'cigwa ca Luangwa adziwa kutentha kwa mwezi wa October. Kompyuta isaikidwe pansi pa dothi kapena pafupi ndi utsi wa kukhichini, ndipo timafani take tiyeretsedwe kawirikawiri, makina ali ozimitsidwa.

Cacisanu ndi cimodzi ndi katundu wogwiritsidwapo kale nchito. Sitinena kuti onse ndi woipa, pakuti ambiri a ife tivala za salaula ndipo zitikhalitsa. Koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2021 makhadi a zithunzi anasowa ndi kukwera mtengo m'maiko onse, mwa zina cifukwa anthu anali kuwagula ambirimbiri kuti apangire ndalama za pa intaneti, ndipo makhadiwo anali kuyaka usana ndi usiku osapuma. Pamene ndalama yochedwa Ethereum inasintha kacitidwe kake mu September 2022, nchito imeneyo inatha, ndipo makhadi otopawo anathiridwa pa msika. Kunja aoneka owala, koma timafani take tingakhale titatha. Musagule khadi lakale musanalione likugwira nchito, masewera ali m'kati, kwa nthawi yokwanira kuti litenthe. Cenjeraninso ndi makompyuta akale a m'maofesi amene agulitsidwa mochipa. Kampani ya Microsoft inaleka kupereka thandizo la nthawi zonse ku Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 siivomereza mapurosesa ambiri a Intel akale kuposa m'badwo wa 8, kapena ma Ryzen oyamba a mu 2017. Funsani za m'badwo wa purosesa musanatulutse ndalama.

Ndipo mukalipira, tengani risiti yolembedwa dzina la sitolo, tsiku, dzina la ciwalo ndi nambala yake, ndi nthawi imene wogulitsa alonjeza kucikonza kapena kucisintha cikafa. Lamulo la mu 2010 loteteza ogula, limene liyang'aniridwa ndi bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, liletsa eni masitolo kupacika zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo lipatsa wogula ufulu wobwezeredwa ndalama kapena kusinthiridwa katundu akapezeka woonongeka. Koma wopanda risiti alibe mboni. Kutumiza ndalama pa foni kwa munthu amene simunamuonepo, cifukwa ca cithunzi cokongola cimene waika pa intaneti, ndi kuponya thumba la cimanga mu mtsinje.

Pomaliza tinene za mwana mwiniyo. Masewera pa iwo okha si cimo. Ife tinakula tikusewera nsolo ndi mpira wa nsanza, ndipo makolo athu anali kutiitana nthawi ya kubusa ikakwana. Koma bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, mu 2019 linavomereza kuti kumwerekera ndi masewera otere, mpaka munthu kusiya sukulu, nchito ndi abale, ndi matenda ofunika cithandizo. Amene afika pamenepo ndi ocepa, komabe cenjezo lamveka. Kompyuta iikidwe pamalo oonekera m'nyumba, nthawi yosewera ikhale yodziwika, ndipo nchito ya kusukulu ndi ya kumunda iyambe yatha.

Motero tipempha makolo kuti asakane mwaukali, ndiponso asavomere mwamanyazi poopa kuoneka osadziwa zinthu zatsopano. Khalani pansi ndi mwana, ndipo mumufunse kuti makinawo adzagwira nchito yanji kupatula masewera, adzadya magetsi ocuruka bwanji ndipo adzacokera kuti, ndani watsimikiza kuti ziwalozo zigwirizana, ndiponso ndalama za feteleza, mbeu ndi zofunika za kusukulu zapatulidwa kale kapena ai. Ngati mayankho ali omveka, mthandizeni, ndipo nayenso aikepo thukuta lake, kaya ndi la m'dimba kapena la nkhuku zake, pakuti cimene munthu wacivutikira acisamala. Ngati mayankho palibe, ndalama zikhale m'nyumba kufikira apezeke.

Kwa inu acinyamata mau athu ndi awa: dziko lifuna amisiri a makina amenewa, ndipo ena a inu mudzadya za luso limeneli. Yambani ndi zimene nkhokwe ya kwanu ingathe, phunzirani ciwalo ciliconse, ndipo musacititse makolo anu kugulitsa ng'ombe ya pagoli kaamba ka khadi limene batire la panyumba silingathe kuliyatsa.